Kanema wa mphindi zitatu wojambula ndi foni ya m'thumba

Kanema wanga woyamba ndinaonetsa anthu anayi okha, ndipo mmodzi mwa iwo, mlongo wanga, anadzuka ali pakati n'kupita kukavundula ndiwo pamoto. Sanabwerenso. Sindinamudandaule, chifukwa kanemayo anali wa mphindi 14, wa asodzi a usipa ku Senga Bay, koma chomwe chinkamveka chinali chimphepo chokhachokha, nyanja itapendekeka ngati ikuti itayikire kumanzere, nkhope za anthu zili bii ngati kunsi kwa mphika. Ine kujambula si ntchito yanga. Lolemba mpaka Lachisanu ndimalimbana ndi mapepala a mu ofesi ku Lilongwe, zojambulazi n'za Loweruka ndi Lamulungu basi. Komabe ndinabwerera kudoko lomwe lija kanayi konse, ndi foni yomwe ija, mpaka ndinatulutsa kanema wa mphindi zitatu amene anthu amaonera osacheukira kumbali. Ndikufotokozerani mwa ndondomeko yake mmene ndinachitira.

Yambani ndi munthu mmodzi

Musanagwire foni, nenani nkhani yanu m'chiganizo chimodzi, mokweza, ngati mukuuza mnzanu mu minibasi. Mukangoti "ndikufuna kujambula asodzi a ku Salima", nkhani mulibe, muli ndi malo chabe. Ine ndinagwa pomwepa. Ndinajambula mabwato, maukonde, ana, akhwangwala, chilichonse chodutsa pamaso panga, ndipo pofika kunyumba ndinali ndi mulu wa zidutswa zosadziwana.

Ulendo wachiwiri ndinapeza munthu. Pa usodzi wa usipa pamakhala siginala, amene amakhala m'kabwato kake usiku ndi nyali. Usipa umatsata kuwalako n'kuunjikana, ndipo siginala ndiye amaona kuti tsopano wakwana, n'kuuza alovi, anzake ogwira ukonde, kuti aponye chilimira, ukonde wophera usipa. Akalakwitsa, gulu lonse libwerako chimanjamanja. Bambo amene ndinacheza nawo anali achikulire, maso atayamba kuvuta, ndipo ankaphunzitsa mdzukulu wawo ntchitoyo. Chiganizo changa chinali chakuti siginala wokalamba akusiyira mdzukulu nyali. Nditangochipeza ndinadziwa zoti ndijambule, komanso zambiri zoti ndizisiye.

Kenako tengani pepala. Lembani chimene woonera aone poyamba, chimene chisinthe pakati, ndi pomwe musiyire. Pansi pake ndandalikani zithunzi 15 kapena 20 zomwe simungachoke musanazipeze: manja akupukuta nyali, mapazi akukankha bwato, nkhope ya mnyamata akumvetsera, usipa ukuyanikidwa pa thandala. M'mawa mabwato akamafika zonse zimachitika pakamodzi, mutu umabalalika, ndipo pepalalo ndi lomwe limakukumbutsani chimene mwadzera.

Tsiku loyamba foni ikhale m'thumba

Ambiri gawo ili amalidumpha, n'chifukwa chake makanema awo amadzaza ndi anthu obisa nkhope kapena ana ovinira kamera. Pitani kaye kukadziwana ndi anthu. Padoko pali eni ake: pali amfumu, pali komiti ya padoko, pali eni maukonde. Lonjerani, nenani kumene mwachokera, nenaninso kumene kanemayo akaonetsedwe. Ine nditangofika, bambo wina anandifunsa mosapita m'mbali kuti, "Achimwene, mwabwera kudzatigulitsa kwa azungu?" Funso limeneli silopusa. Anthu akhala akujambulidwa ndi alendo amene sanabwererenso. Ndinayankha kuti, "Iyayi bambo, ndikaika pa intaneti, koma ndisanaike ndidzabwera muone kaye." Lonjezo ngati limeneli musalinene ngati simudzalisunga.

Za ndalama mugwirizane poyambirira. Ine sindilipira munthu kuti ayankhule, chifukwa wolipidwa amayankhula zimene akuganiza kuti mukufuna kumva. Koma sindipitanso chimanjamanja kwa munthu amene ndimudyere tsiku lake. Shuga, sopo, kugula usipa wawo pa mtengo wake osanenerera, zimenezo n'zoyenera.

Pali malo amene foni siyenera kuloza n'komwe. M'mbali mwa nyanja muli posambira amayi ndi posambira abambo, ndipo malo otere amalowa kumbuyo kwa chithunzi inu osazindikira, ndiye yang'anani m'makona monse musanadine. Mwana musamujambule pafupi kholo lake lisanalole. Malo a asilikali ndi nyumba za boma zotetezedwa, ingodutsani. Ndipo ngati nkhani yanu ndi ya Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulengeza mu 2005 kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha anthu onse, musaganize kuti popeza ndi wotchuka ndiye kuti ndi wa aliyense. Pemphani kwa amfumu ndi akuluakulu a mudzi, jambulani pabwalo pomwe akulozerani, kudambwe musayandikireko. Safunsa anadya phula.

Tsiku lomwelo funsani za nthawi, chifukwa kalendala ya m'foni siidziwa nyanja. Ulendo wanga wachitatu ndinawononga ndalama ya thiransipoti pachabe: ndinafika mwezi uli mbee, mabwato ali pamtunda. Mwezi ukawala kwambiri nyali siikopa usipa, asodzi amapuma n'kumasoka maukonde. Chimodzimodzi mwera, mphepo ya miyezi yozizira kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti, ikakula anthu salowa m'madzi. Akanakhala kuti ndinafunsa, akanandiuza m'mawu awiri.

Konzani foni usiku, osati padoko

Pukutani galasi la kamera ndi kansalu kofewa. Zikumveka zachibwana, koma zithunzi zambiri zooneka ngati muli nkhungu zimayamba ndi chala cha mafuta a mandasi.

Lowani mu zokonzera za kamera muyatse mizere, iwiri yoima ndi iwiri yopingasa. Pa kukula kwa chithunzi cha kanema sankhani 1080p. Za 4K zisiyeni kaye: pa mafoni ambiri mphindi imodzi ya 1080p imadya pafupifupi mamegabaiti 100, pamene ya 4K imatha kupitirira 300, foni n'kumatentha, ndipo woonera wanu ali pa kafoni kakang'ono ndi bandulo yoti ithe madzulo.

Kenako yang'anani chiwerengero cha mafelemu pa sekondi, ndiye kuti zithunzi zimene kamera imatola pa sekondi iliyonse. Mafoni ambiri amabwera ali pa 30, zomwe zimayenderana ndi magetsi a 60 Hz, osinthasintha maulendo 60 pa sekondi, monga a ku America. Athu kuno ndi a 50 Hz, ndipo mababu ambiri amaphethira motsatira magetsiwo, mwa liwiro loti diso siliona koma kamera imaona. Mukaona mizere yakuda ikuyenda m'kanema wojambulidwa m'tchalitchi kapena muholo, nthawi zambiri gwero lake ndi limeneli. Ikani pa 25. Pa iPhone muyenera kuyatsa kaye "Show PAL Formats" kuti 25 aoneke. Pa Android, ngati kamera ya foniyo ilibe, yesani pulogalamu ya Open Camera kapena ya Blackmagic Camera, zonse n'zaulere, ngakhale yachiwiriyi imafuna foni yamphamvu.

Ganizaninso usiku womwewo ngati mujambule foni itagona kapena itaima. Yogona ndi ya YouTube ndi pa TV, yoima ndi ya TikTok ndi sitetasi ya WhatsApp. Mukasankha musasinthe mpaka kumaliza. Ine pa nkhani za kunyanja ndimagoneka, chifukwa bwato ndi lalitali chopingasa.

Tchajani foni ndi pawabanki magetsi akadalipo, chotsani zosafunika kuti mutsale ndi malo okwana magigabaiti 10, ndipo ponyamuka ikani zonse m'jumbo yapulasitiki yomanga pakamwa. Mchenga ndi madzi sizikhululuka. Mukayamba kujambula ikani foni pa kandege, kuti wina asakuimbireni pomwe agogo ayamba kunena mawu omwe mwawadikira tsiku lonse.

Kuwala

Apa ndipo pagona zonse, ndipo sipafuna ndalama, pamafuna kudzuka.

Gombe la Senga Bay layang'ana kuvuma, choncho dzuwa limatulukira m'madzi, kuseri kwa mabwato obwera, chilumba cha Namalenje chikuoneka patsogolo. Ku Cape Maclear n'zosiyana, kumeneko chokongola ndi kulowa kwa dzuwa. Dziwani kumene malo anu ayang'ana musanapite. Mu Okutobala dzuwa limatuluka 5 koloko itangopitirira pang'ono, mu Juni cha m'ma 6. Popeza dziko lathu silili kutali ndi pakati pa dziko lapansi, dzuwa limakwera mwachangu, ndipo kuwala kofewa kofiirira kuja sikukwanitsa ndi ola lomwe. Fikani kukadali mbuu, mutadziwa kale poima.

Vuto limene linadetsa nkhope m'kanema wanga woyamba ndi ili. Foni imayeza kuwala kwa chithunzi chonse. Kumbuyo kukakhala thambo loyera, madzi onyezimira kapena mchenga, foni imaona ngati kwawala kwambiri n'kuchepetsa, ndiye khungu lathu lakudali limatheratu, kutsala mano ndi maso. Mankhwala ake: dinani pa nkhope ya munthuyo n'kugwiritsa chala mpaka foni itseke muyeso wake, kenako kwezani kapena tsitsani kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaoneka pambali, mpaka khungu lioneke mmene mukulionera ndi maso. Thambo likayera mbee lisiyeni, woonera akufuna munthu. Kutsekako kumathandizanso kuti chithunzi chisamawale n'kumada chokha munthu akamasuntha.

Chinanso, zungulirani. Dzuwa likhale kumbali kwa munthuyo, osati kumbuyo kwake ndiponso osati m'maso mwake kuti azitsinzina. Kuwala kochokera m'mbali kumatulutsa makwinya a nkhope, minyewa ya mkono, ulusi wa ukonde. Pokhapokha mukufuna dala chithunzithunzi chakuda cha bwato kutsogolo kwa dzuwa, ndiye dinani pa thambo m'malo mwa munthu. Chimodzi kapena ziwiri zotere zimakometsa, zikachuluka zimabisa anthu.

Masana dzuwa lili paliwombo sindijambula nkhope pamtetete. Maso amalowa m'maenje akuda, chipumi chimanyezimira. Khazikani munthu m'mphepete mwa khonde atayang'ana kunja. Pansi pa mango samalani, chifukwa masamba amadontheza timadontho ta dzuwa pankhope, munthu n'kuoneka ngati nkhanga. Mbali ina ya nkhope ikada kwambiri, wina agwire chikatoni chomata mapepala oyera, kapena thumba loyera la ufa, kuti libwezere kuwala. Ine ndinayesapo pepala lonyezimira la aluminiyamu, agogo anangoti, "Mwana wanga, ukufuna undimalize maso otsalawa?" Ndinalipinda.

Nyengo nayo ili ndi zake. Mu Seputembala ndi Okutobala fumbi ndi utsi wa tchire zimadzaza mlengalenga, dzuwa limatuluka lili psuu koma mapiri akutali amasowa. Mvula yoyamba ikatsuka, zonse zimaoneka ngwee. Ofuna Mulanje kapena Zomba wooneka bwino adikire nthawi imeneyo. Ndipo tsiku la chiperoni musalinyoze, mitambo ija imafewetsa kuwala kotero kuti nkhope zimatuluka bwino kuposa tsiku ladzuwa.

Usiku foni imafooka, chithunzi chimachita timchenga. Musayatse fulashi. Ine zithunzi za nyali ndinajambula chisisira, akuzikonza pamtunda, nkhope ya mnyamata ili pafupi ndi nyaliyo, ndipo ndinatsitsa kuwala kuti mdima ukhale mdima weniweni. Za pakati pa nyanja ndinajambulira pagombe, nyali zitandandalika kutali ngati tauni yoyandama.

Kagwiridwe ndi kasankhidwe ka zithunzi

Gwirani ndi manja awiri, zigongono zitakhudza nthiti. Ngati mulibe tripod, choimikira kamera cha miyendo itatu, thumba laling'ono la mpunga kapena nyemba loika pa mpando limagwira foni bwinobwino, ndipo mphira wa chubu cha njinga umamanga foni pa mtengo uliwonse. Mzere wa nyanja ugwirizane ndi umodzi mwa mizere yopingasa ija. Maso a munthu akhale cha pa mzere wam'mwamba, iyeyo ali pambali pang'ono, mpata waukulu uli kumene wayang'ana. Musakoke chithunzi ndi zala kuti chiyandikire, chimaphwanyika. Yendani ndi miyendo yanu.

Lamulo limene linandisintha kwambiri ndi lakuti chithunzi chilichonse chikhale masekondi 10 foni isakusuntha. Werengani chamumtima. Tonse timayamba ndi kupukusa foni uku ndi uku ngati tikuthirira dimba, poganiza kuti tikuonetsa zambiri, chonsecho woonera akungomva chizungulire. Foni iime, zoyenda zikhale za m'chithunzimo.

Ntchito iliyonse ijambuleni kangapo, mosiyanitsa mtunda. Agogo akusoka ukonde: yambani ndi manja okha pafupi, kenako nkhope, kenako bwererani m'mbuyo aoneke thupi lonse ndi malo amene akhala, kenako imani kumbuyo kwa phewa lawo muone chimene iwo akuona. Mukatero fufuzani china chanu, mwina kugona pamchenga n'kujambula kudzera m'maso a ukonde. Zapafupi zichuluke. Kanema wa pafoni amaoneredwa pa galasi laling'ono ngati chikhato, ndipo munthu wakutali amaoneka ngati nyerere.

Samalaninso mbali imene mwaima. Bwato likamachoka kumanzere kupita kumanja, inu n'kudumphira tsidya lina, m'chithunzi chotsatira lidzaoneka ngati latembenuka likubwerera. Anthu awiri akamacheza, ganizirani chingwe chochoka kwa wina kufika kwa mnzake, inu mukhale mbali imodzi ya chingwecho mpaka atsirize.

Zithunzi wamba, zosayenda, ndimajambula pomaliza, anthu atatopa nane ndipo asiya kuuma thupi. Poyamba aliyense amaima njoo ngati wa pa chiphaso, ena amathamangira kukavala za kutchalitchi. Musakangane nawo, jambulani chimenecho, n'chawo. Chanu chibwera akabwerera ku ntchito. Pezani pamene kuwala kuli bwino, konzani chithunzi, dikirani kuti munthu alowemo yekha. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu

Munthu amapirira chithunzi chosaoneka bwino, koma mawu osamveka amatseka pompo. Maiki ya foni ikakhala mamita awiri kuchoka pakamwa imatola mafunde, injini ndi wailesi ya pa bala kuposa munthu. Yankho lake ndi kuyandikira, ndipo njira yotchipa ndi foni yachiwiri. Bwerekani ya mnzanu, yatsani chojambulira mawu, ikani m'thumba la malaya la woyankhulayo, mbali ya maiki itayang'ana kumwamba. Mahedifoni a waya aja okhala ndi kamaiki amagwiranso ntchito mukawapanikiza pa kolala, pafupifupi chikhato chimodzi kuchoka pakamwa. Mafoni onse awiri akayamba kujambula, ombani m'manja kamodzi, phwa, kutsogolo kwa kamera. Polumikiza mudzagwirizanitsa phokoso limenelo ndi pomwe manja akumana, mawu ndi milomo n'kuyendera limodzi.

Mphepo ndiye mdani wamkulu kunyanja. Phimbani maiki ndi kasiponji kapena sokosi yaubweya, ndipo munthuyo apatse mphepo msana, kapena mukhale kuseri kwa bwato kapena mpanda. Jambulani masekondi 20, mvetserani ndi mahedifoni, kenako pitirizani. Musadalire kuti mukakonza pa kompyuta, mphepo ikalowa siituluka.

Tsopano chovuta kwa ife eni chinenero. Munthu wamkulu akamayankhula tinaleredwa kuvomera: "eee", "inde", "zoona", "ndithu". Kukhala chete kumaoneka ngati mwano. Koma ma "eee" anuwo amalowa pamwamba pa mawu ake, ndipo simungawadule. M'kanema wanga woyamba ndinadziwerenga ndikuvomera pa chiganizo chilichonse, ngati wa pa mpando wakutsogolo m'tchalitchi. Tsopano ndimapepeseratu: "Agogo, mukamayankhula ine ndizingogwedeza mutu, si chipongwe, n'chifukwa cha makinawa." Amaseka, koma amamvetsa.

Khalani pansi, pafupi ndi kamera, maso anu ndi awo ali pa msinkhu umodzi, ndipo aziyang'ana inu osati galasi. Kuimirira pamwamba pa wamkulu n'kulakwa pa mwambo, ndipo pa chithunzi pomwe kumamuchepetsa. Musafunse mafunso oyankhidwa ndi eya kapena ayi. M'malo moti "Ntchitoyi ndi yovuta?", nenani kuti "Tandiuzani za usiku umene munaponyetsa ukonde pachabe." Akamaliza kuyankha musathamangire funso lina. Khalani zii masekondi angapo. Mawu abwino kwambiri m'kanema wanga anabwera mu kachetechete ameneyo, agogo atayang'ana pansi n'kuwonjezera zimene sanakonzekere kunena.

Musanachoke pamalo alionse, jambulani mphindi imodzi ya phokoso la malowo popanda woyankhula: mafunde, nkhafi zikugunda bwato, amayi akutsatsa malonda, tambala. Mudzaliyala pansi pa kanema yense ngati mphasa, kuti podula pasamamveke dzenje.

Kusunga ndi kulumikiza

Tsiku lomwelo koperani zonse malo awiri, pa kompyuta ndi pa fulashi, musanafufute kalikonse. Ine ndinagulapo memole khadi yotchipa pa benchi ina mu tauni, yolembedwa 64 GB, ndipo itafika pena pake inayamba kudya zakale mwakachetechete. Khadi yatsopano iyeseni kaye poidzaza mpaka pakamwa n'kutsegula mafayilo oyamba ndi omaliza.

Polumikiza, kumene ambiri timati kuedita, pa foni pali CapCut, VN ndi KineMaster, pa kompyuta yamphamvu pali DaVinci Resolve yaulere. Iliyonse imakwana, musatayepo nthawi kusankha. Yambani ndi makutu. Mvetserani zoyankhula zonse, lembani papepala ziganizo zomwe zakugwirani mtima ndi nthawi yake, sankhani zokwana mphindi ziwiri basi, zindandalikeni kuti zimveke ngati nkhani ngakhale mutatsinzina. Zikamveka, yambani kuvala zithunzi pamwamba pake. Pomwe mwadula mawu nkhope imadumpha, ndiye phimbani ndi manja aja, nyali, mapazi. Apa m'pamene mudzathokoze masekondi 10 aja.

Kachinsinsi kamodzi: lolani phokoso la chithunzi chotsatira liyambe sekondi imodzi chithunzicho chisanaoneke. Injini imveke agogo akadali pa galasi, kenako bwato lioneke. Woonera saona n'komwe kuti mwadula. Zosinthira zozungulira, zong'anima ndi zogudubuzika zomwe zadzaza m'mapulogalamuwa zisiyeni, kudula wamba n'kokwanira. Mitundu musaikoleze mpaka nyanja kuoneka ngati penti ndi khungu ngati njerwa.

Kudula kumapweteka. Ndinali ndi chithunzi cha nkhwazi ikutola nsomba, chimene ndinachidikira theka la ola, koma sichinkakhudza siginala ndi mdzukulu wake. Chinatuluka. Masekondi asanu oyamba ndiwo amagamula ngati munthu apitirize, choncho musayambe ndi dzina lanu likuzungulira pa galasi. Wanga amayamba ndi machesi akuyatsidwa mu mdima.

Nyimbo za oimba musangotola. Zili ndi eni, zimatetezedwa ndi lamulo la umwini wa zaluso la 2016, ndipo COSOMA ndiyo imayang'anira za ufulu umenewu m'dziko muno. Kuwonjezera apo YouTube ndi Facebook zimatha kuzindikira nyimbo n'kuzimitsa mawu a kanema wanu. Pemphani mnzanu woimba gitala kapena kwaya ya kwanu akuimbireni yawoyawo, mulemberane kapepala. Ine sindinaike nyimbo ina iliyonse kupatula imene alovi ankaimba pokoka bwato, nditawapempha. Mukaika nyimbo, itsike kwambiri munthu akamayankhula. Lembaninso mawu pansi pa chithunzi, chifukwa ambiri amaonera mu minibasi mawu atatseka, komanso padoko anthu amasakaniza Chichewa ndi Chiyao kapena Chitonga.

Nanga kamera yeniyeni?

Musagule musanamalize makanema atatu ndi foni. Pofika apo mudzadziwa chimene chikukusowani, ndipo mwina chidzakhala maiki. Mukafuna yogwiritsidwapo kale ntchito, unikani mkati mwa lenzi ndi tochi: mukaona timizere ngati ukonde wa kangaude, ndi nkhungu ya chinyezi, isiyeni. Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi yotchipa ndipo imatulutsa nkhope bwino kumbuyo kutafewa. Poyambira masana ISO, muyeso wa mmene kamera imamvera kuwala, ikhale 100 mpaka 400; chibowo cha lenzi chikhale f/8 pa malo aakulu, f/2.8 pa nkhope; shata, nthawi imene kamera imatsegukira kuwala, ikhale 1/500 ya sekondi pa zothamanga. Pa kanema wa mafelemu 25, shata ikhale 1/50, ndipo pa dzuwa lathuli mudzafuna fyuluta ya ND, kagalasi kakuda kochepetsa kuwala, kuti chithunzi chisapse. M'dzinja isungeni m'bokosi lotseka bwino limodzi ndi timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato.

Kutulutsa ndi kubwerera

Tulutsani pa 1080p ndi mafelemu omwe munajambulira. Musanatumize kwa aliyense, muonereni pa foni yotchipa kwambiri imene mungaipeze, pa sipika yake, panja pali phokoso. Akamveka pamenepo, amveka paliponse. Potumiza pa WhatsApp kwa munthu amene mukufuna aone ubwino wake wonse, tumizani ngati dokyumenti, apo ayi amafinyidwa n'kutaya mawanga. Tsukitsani zithunzi zingapo ku situdiyo, muziike m'jumbo, mupite nazo kwa anthu amene munawajambula.

Ine ndinabwerera Loweruka lina masana, asodzi atadzuka. Tinakhala pansi pa mtengo anthu oposa khumi kuzungulira foni imodzi, ndipo anaonera katatu. Kachitatu agogo anagwira dzanja langa nati, "Taimitsa pamenepo." Panali pa chithunzi cha bwato likufika m'mawa, chimene ndinachikonda kuposa zonse chifukwa cha dzuwa kumbuyo kwake. "Bwato ili si lathu. Ili ndi la anyamata a kumtunda uko, ndipo tsiku limenelo anapha kuposa ife. Anthu aziti ndikudzitama ndi nsomba za eni." Onse anafa nacho chiseko, koma iwo sanaseke. Ndinafufuza m'foni pomwepo n'kupeza china cha bwato lawo, chopendekeka pang'ono, kuwala kwake kosakoma kwenikweni. Ndinachiwongola, n'kuchilowetsa iwo akuona, ndipo kanemayo anatsika kufika pa mphindi ziwiri ndi masekondi 52. Ndi amene ndinaika pa intaneti Lolemba lake.